Nkhunda Sizidzera M'tauni

Towera ankakhala ku Chawama, mu Lusaka. Anali mtsikana wamfupi. Koma liuma lake linali lalitali. Akati ndifuna, ndiye kuti wafuna. Amayi ake ankadziwa zimenezo. Ngakhale nkhuku za pa yadi zinkadziwa.

Towera ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti mnzake Mukuka asamutaye.

Mukuka anali mtsikana wamtali. Khomo lake linali pafupi ndi khomo la Towera. Yadi inali imodzi. Mpopi unali umodzi. Chingwe choyanikapo zovala chinali chimodzi. Ndege yawo ya waya inalinso imodzi.

Ndegeyo anapanga okha. Towera anapinda mapiko. Mukuka anapanga mawilo ndi zitsekerero za mabotolo. Ankaithamangitsa m'tinjira ta ku Chawama. Inkadumpha matope. Inkadumpha ngalande. Agalu ankaiuwa.

Tsiku lina eni nyumba anabwera. Anati yadi yagulitsidwa. Anati mwezi ukatha onse asamuke.

Bambo a Towera anali a Hosea. Iwo anali kalipentala. Anapeza ntchito ku Mfuwe, kum'mawa. Amayi a Mukuka anali a Philomena. Iwo ankagulitsa nyemba pa msika. Anati abwerera kwawo ku Kasama, kumpoto.

M'mawa mwake Mukuka anabwera ndi ndege ija. Anaiika pa khomo la Towera.

"Tenga ndeke," anatero Mukuka. "Ni yako manje."

"Ni yathu," anatero Towera.

"Awe. Iwe uyenda ku Mfuwe. Ine niyenda ku Kasama. Ni kutali maningi. Uzaniibala."

"Sinizakuibala."

"Bonse bamakamba so," anatero Mukuka. "Tileke kusobela manje. Nifuna nizolobele kunkhala neka."

Mukuka analowa m'nyumba. Anatseka chitseko.

Towera anamva kuwawa mumtima. Anafuna kulira. Koma liuma linafika msanga kuposa misozi. Anapukuta m'maso. Anadzifunsa funso limodzi. Kodi kutaliko ndi kutali bwanji?

Towera anapita kwa amayi ake, a Anna. Iwo ankalongedza mbale m'katoni.

"Amai, kuchoka ku Mfuwe kufika ku Kasama ni kutali bwanji?"

"Ni kutali, mwana wanga."

"Kutali bwanji?"

"Kutali maningi. Nipatseko mbale iyo."

Towera anawapatsa mbale. Koma yankholo silinamukwane. Safunsa anadya phula. Towera anatuluka kukafunsa kwina.

Anapita pamene amaima maminibasi. Anapeza Ba Chrispin. Iwo anali kondakitala. Ankamenya chitseko cha basi n'kumaitana anthu. "Tauni, tauni, tauni."

"Ba Chrispin, kuchoka ku Mfuwe kufika ku Kasama ni kutali bwanji?"

Ba Chrispin anaseka. Anakonza chipewa chawo.

"Mvela bwino, ka Towera. Uchoka ku Mfuwe. Ufika ku Chipata. Ubwela kuno ku Lusaka, mu tauni. Ugona pa siteshoni. Kuseni ukwela basi ina. Kabwe, Kapiri, Serenje, Mpika. Pofika ku Kasama ninshi mendo yavimba."

"Kulibe njila ina?"

"Njila zonse zipita mu tauni. Ufuna ku Matero? Tauni. Ufuna ku Kanyama? Tauni. Ufuna ku Mtendere? Tauni."

Anthu a mu Lusaka ndi otero. Uwafunse njira ya kumwezi. Adzakuuza kuti uyambe wafika m'tauni.

Basi inadzaza. Basi inapita. Towera anatsala mu fumbi. Mtima wake unali wolemera. Mwina Mukuka ankanena zoona. Mwina kunalidi kutali kwambiri. Koma Towera sanafune kuvomera.

Bambo a Towera ankaweta nkhunda. Panali yoyera. Panali yotuwa. Panalinso ya banga pakhosi. Nkhundazo sizikanatha kupita ku Mfuwe. A Hosea anati akazisiya kwa mng'ono wawo ku Kanyama.

M'mawa anaziika m'katoni. Anaboola timabowo kuti zizipuma. Anaphwasula khola lake. Matabwa anaika uku. Waya anaika uko. Kenako ananyamula katoni n'kupita.

Masana Towera anakhala pansi pa khonde. Ndege ya waya inali pambali pake. Khomo la Mukuka linali lotseka. Kusewera wekha sikukoma. Towera sanaigwire n'komwe ndegeyo.

Kenako anamva phokoso pa malata. Pha pha pha. Anayang'ana m'mwamba. Anaona nkhunda yoyera. Anaona yotuwa. Anaonanso ya banga pakhosi. Zonse zinali pa denga. Zinkakonza nthenga zawo ngati sizinapite kulikonse.

Patapita nthawi a Hosea anafika. Anali atatopa. Nsapato zawo zinali fumbi lokhalokha. Anakhala pa mpando n'kupempha madzi.

"Nazisiya bwino ku Kanyama," anatero. "Zizankhala bwino kuja."

"Atate, onani pa malata," anatero Towera.

A Hosea anayang'ana. Anayang'ananso. Anakanda kumutu. A Anna anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Mufana wanga uja wasegula katoni mwamsanga," anatero a Hosea.

"Atate, zafika bwanji imwe mukalibe kufika?"

"Ine ninakwela basi ya ku tauni. Mu tauni ninayembekeza basi ina izule. Pa njila mamotoka yenze mbwee. Koma nkhunda sizipita mu tauni. Zimadula chabe mumwamba."

Towera anaimirira.

"Nanga ndeke, Atate?"

"Ndeke nayo imadula mumwamba."

"Ku Mfuwe kuli pofikila ndeke?"

"Kuli bwalo ling'ono."

"Nanga ku Kasama?"

"Nakonso kuli bwalo ling'ono. Pakati pali Luangwa na mapili. Basi imazunguluka. Ndeke siizunguluka."

"Atate, nipempako waya wa khola."

"Tenga," anatero a Hosea. Maso awo anali adakali pa denga.

Towera anatenga waya. Anathamanga. Anadutsa pa msika. Anadutsa pa tchalitchi. Anafika pa sukulu yake.

Pa khoma la sukulu panali mapu a Zambia. Anali mapu aakulu, ojambulidwa ndi penti. Misewu inali yofiira. Mitsinje inali yabuluu. Pamene pali bwalo la ndege anajambulapo kandege kakuda.

Towera anafunafuna. Anapeza Lusaka. Anapeza Chipata. Anapeza Mfuwe ndi kandege kake. Anatambasula dzanja. Anakhudza kandegeko.

Kenako anafuna Kasama. Kasama inali pamwamba. Inali pamwamba kwambiri.

Towera anaima ndi zala za kumapazi. Sanafike. Anadumpha. Sanafike. Anadumphanso. Sanafikebe.

Anabwereka ndowa kwa mayi wogulitsa tomato. Anaivundikira pansi. Anakwera pamwamba pake. Dzanja limodzi linagwira waya pa Mfuwe. Dzanja lina linapita m'mwamba. Chala chinatsala pang'ono kufika. Ndowa inagwedezeka. Waya unathawa. Towera anagwa pansi.

Bondo linasupuka. Linkawawa. Towera analipemerera. Anayang'ana Kasama. Kasama inali pomwepo, osasuntha.

Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Wayawo unkafuna anthu awiri. Wina agwire pa Mfuwe. Wina agwire pa Kasama. Ndipo wa pa Kasama akhale wamtali.

Towera ankadziwa mtsikana wamtali mmodzi yekha.

Anabwerera ku yadi. Anagogoda pa khomo la Mukuka.

"Mukuka, choka panja."

"Sinisobela," anatero Mukuka ali m'nyumba.

"Sinifuna kusobela. Nifuna chabe kwanja kwako," anatero Towera. Ankanena dzanja lalitali la Mukuka.

"Kwanja kwanga kuli bize."

"Nizayembekeza."

Towera anakhala pansi pa khomopo. Anakhala. Nkhuku inadutsa. Anakhala. Mthunzi unasuntha. Anakhalabe. A Philomena anatuluka kukatunga madzi. Anamudumpha. Anabwera ndi madzi. Anamudumphanso.

"Mukuka, ima," anatero a Philomena. "Yenda na munzako. Uyu mwana azamela mizu pa khomo panga."

Mukuka anatuluka. Nkhope yake inali yokwinya. Anangoyenda kumbuyo kwa Towera. Koma anaona bondo lija.

"Wachita chani pa bondo?"

"Nagwa ku Kasama," anatero Towera.

Mukuka sanamvetse. Koma sanafunsenso.

Anafika pa khoma la sukulu. Ndowa inali pomwepo.

"Kwela," anatero Towera. "Gwila waya pa kandeke ka Kasama."

Mukuka anakwera. Anatambasula dzanja lake lalitali. Anafika bwinobwino.

"Tiyambe na njila ya Ba Chrispin," anatero Towera.

Towera anatsitsa waya motsatira msewu wofiira. Waya unadzera ku Mpika. Unadzera ku Serenje. Unadzera ku Kapiri ndi ku Kabwe. Unafika ku Lusaka. Pamenepo Towera anaupinda. Unalowera kum'mawa. Unapita, unapita, mpaka ku Chipata. Anaupindanso. Unafika ku Mfuwe.

Towera anapinda waya uku ndi uku. Waya unaduka. Anauwongola pansi. Unali wautali kuposa Towera. Unali wautali kuposa Mukuka.

Mukuka anauyang'ana. M'maso mwake munadzaza misozi.

"Waona," anatero. "Ninakuuza. Ni kutali maningi."

"Yembekeza. Iyo ni njila ya basi. Manje tipime njila ya nkhunda."

"Nkhunda zili na njila?"

"Zili nayo. Na ndeke ili nayo. Kwela futi."

Mukuka anakweranso pa ndowa. Anagwira waya wotsala pa kandege ka Kasama. Towera anaukoka. Sanaupinde. Sanatsatire msewu. Waya unadutsa pamwamba pa mapiri. Unadutsa pamwamba pa mtsinje wa Luangwa. Unafika pa kandege ka Mfuwe.

Basi. Unathera pomwepo.

Towera anaudula. Anauika pansi, pafupi ndi wautali uja. Unali waufupi. Unali ngati mkono wa Towera.

Mukuka anatsika. Anayang'ana waya wautali. Anayang'ana waya waufupi.

"Wanama," anatero. "Pima futi."

Anapimanso. Kandege ka Kasama, kandege ka Mfuwe. Waya unali womwewo.

"Pima futi."

Anapimanso. Waya sunatalike.

Mukuka anakhala pa ndowa. Anaugwira wayawo m'manja. Anautembenuza.

"Koma ise tilibe ndeke," anatero. "Ndeke ni ya banthu ba ndalama."

Mukuka ankanena zoona. Ndege yawo inali ya waya. Sinkauluka. Koma Towera si mwana wobwerera panjira.

"Manje tilibe," anatero. "Koma njila ilipo. Iwe wenze kukamba ati ni kutali. Si kutali. Ni basi chabe imazunguluka. Nikakula nizayendesa ndeke. Nizachoka ku Mfuwe kuseni. Nizafika ku Kasama tiyi ikalibe kuzizila."

"Iwe? Olo pa mapu sufika pa Kasama. Uzaona bwanji pa windo?"

"Nizaika pilo pa mupando."

Mukuka anayesa kudzigwira. Analephera. Anaseka. Towera nayenso anaseka. Mayi wa tomato anaseka nawo, osadziwa n'komwe nkhani yake.

"Ngati ni so," anatero Mukuka, "ine nizakonza mawilo. Iwe mawilo sudziba."

"Sinidziba," anavomera Towera.

Towera anatenga waya waufupi uja. Anapeza pakati pake. Anaupinda uku ndi uku. Unaduka pawiri.

"Uyu ni wako," anatero. "Uchokela ku Kasama kufika pakati. Uyu ni wanga. Uchokela ku Mfuwe kufika pakati."

Mukuka anakulunga wake pa dzanja. Towera anakulunga wake pa dzanja. Zinali zibangili ziwiri. Sizinali zokongola kwenikweni. Koma palibe amene akanawavula.

"Nanga uyu utali?" anafunsa Mukuka.

"Uyu tipange ndeke ina."

Anabweza ndowa. Anathokoza. Anabwerera ku yadi atanyamula waya wautali. Wina kutsogolo, wina kumbuyo.

Anakhala pa khonde. Towera anapinda mapiko. Mukuka anapanga mawilo. Msewu wonse wa Ba Chrispin unasanduka ndege. Tsopano ndege zinali ziwiri. Zinadumpha matope. Zinadumpha ngalande. Agalu anauwa kawiri.

Nanga nkhunda zija? Mng'ono wa a Hosea anabwera kudzazitenga. Ulendo uno anazitsekera m'khola mpaka zitazolowera ku Kanyama. A Hosea anamuuza katatu kuti asazitsegulire msanga.

Mwezi unatha. Tsiku losamuka linafika. Katundu anali pa yadi. A Anna anakumbatira a Philomena. A Philomena anakumbatira a Anna. Amayi awiriwo analira kuposa ana.

"Mapili ndiye yamene siyakumana," anatero a Philomena. "Ise banthu tizakumana."

Onse anakwera minibasi ya Ba Chrispin. Inde, anadzera m'tauni. Pa siteshoni panali mabasi ambiri. Ina inalembedwa Chipata. Ina inalembedwa Kasama.

Mukuka anakwera basi yake. Anakhala pa windo. Anakweza dzanja la chibangili. Towera anakwezanso lake. Misozi inatsika. Ulendo uno Towera anaisiya kuti itsike.

Ku Mfuwe kunali kotentha. Kunali mitengo yambiri ya mango. Towera ankasowa mnzake. Ankamusowa kwambiri.

Lamlungu lina, atachoka ku tchalitchi, Towera anapempha chinthu. Anapempha m'mawa. Anapempha masana. Mukumudziwa Towera. A Hosea anatulutsa njinga. Towera anakhala kutsogolo. A Anna anakhala kumbuyo. Anapita ku bwalo la ndege.

Bwalolo linali laling'ono. Anaima kunja kwa mpanda. Kandege koyera kanali pansi. Kanalira. Kanathamanga. Kananyamuka. Towera anakayang'ana mpaka kanasanduka kadontho.

"Atate, Kasama ili kuti?"

A Hosea analoza kumpoto. "Ili uko. Kuseli kwa mapili."

Foni ya a Anna inalira. Anali a Philomena. Amayiwo anapatsana moni. Anafunsana za ana. Anafunsana za mvula. Towera ankangopondaponda. Kenako a Anna anamupatsa foni.

"Towera," anatero Mukuka. "Nili pa bwalo la ndeke. Ninavuta ba mayo mpaka banileta."

"Naine nili pa bwalo la ndeke."

"Nayang'ana kwamene kuli Mfuwe."

"Naine nayang'ana kwamene kuli Kasama."

"Uniona?"

Towera anaima ndi zala za kumapazi. A Hosea anamunyamula. Anamukhazika pa mapewa awo. Towera anaona mitengo. Anaona mapiri kutali. Anaona thambo loyera, lopanda msewu.

"Nikalibe," anatero Towera. "Koma kwasala pang'ono."

Mukuka anaseka mu foni. A Anna anaseka. A Hosea anaseka, Towera n'kumagwedezeka pa mapewa pawo.

"Sunaniibale?" anafunsa Mukuka.

Towera anakweza dzanja lake m'mwamba. Chibangili cha waya chinawala ndi dzuwa.

"Ningakuibale bwanji?" anatero. "Unkhala pafupi."